Watuluka m'chipatala, koma kodi akumva?

Pachichewa tikati "mwana wosamva" timatanthauza zinthu ziwiri, ndipo kawirikawiri timathamangira choyamba. Mwana ukamuitana katatu iye osacheuka, timati ndi mwano, watengera ana a kuno ku Joni, akufunika kam'kwapulo. Chachiwiricho, choti makutu ake sakugwiradi mawu, chimatifikira mochedwa, mwina patatha zaka ziwiri, aphunzitsi a kukreshi atayamba kudandaula. Kwa mwana amene anagonapo m'chipatala ndi matenda oumitsa khosi, zaka ziwirizo zimapita ndi zinthu zimene sizibwereranso.

Nkhaniyi inandikhala pamtima chifukwa cha mayi wina amene timapemphera naye. Mwana wake wa miyezi 9 anagonekedwa masabata awiri m'nyengo yozizira, ndipo tsiku limene anatuluka tinadzaza kachipinda kawo, tinaimba, ena tinagwetsa misozi. Aliyense ankati, "Achemwali, Mulungu ndi wamkulu, mwanayu wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi." Zinalidi choncho. Pakapepala komutulutsira panalembedwa tsiku lobwerera kukayezetsa makutu, koma linali la pakati pa sabata, abwana anali atamupirira kale masabata awiri, ndipo mwana ankayamwa, ankaseka, ankakwawa. Mayiyo sanapite. Mwana atafika zaka ziwiri osatchula ngakhale "mama", tinamutonthoza kuti zilankhulo zamuchulukira: Chichewa m'nyumba, Chizulu panja, Chingelezi pa TV. Atamuyeza anapeza kuti makutu onse awiri anawonongeka kalekale. Mayiyo sindimuimba mlandu. Tinalipo ambiri m'chipindamo, ndipo palibe anafunsa kuti kapepalako kakuti chiyani.

Kuti timvetse chifukwa chake matenda a masabata awiri amasiya chipsera cha moyo wonse, tiyambire m'mutumo. Ubongo ndi mtsempha waukulu wodutsa m'fupa la msana zinakutidwa ndi nembanemba zopyapyala, ndipo pakati pake pamayenda madzi oyera. Tizilombo tikalowa m'madzimo nembanembazo zimatupa, madzi aja amasanduka mafinya, ndipo awa ndi matenda oumitsa khosi aja, amene madokotala amati meningitis. Dzanja likatupa limakhala ndi kotupira, koma ubongo uli m'chigaza, ulibe kothawira. Umapanikizika, timitsempha tina ta magazi timatsekeka, ndipo kachigawo kamene kasowa magazi kwa kanthawi kamafa. Sepsis ndi m'bale wake. Apa tizilombo timakhala talowa m'magazi, kapena tayambira m'mapapo, pamchombo ngakhale m'chikhodzodzo, ndipo thupi polimbana nato limapyola muyeso mpaka kudzivulaza lokha. Kuthamanga kwa magazi kumatsika, impso zimafooka, zala ndi miyendo zimasowa magazi. Ana ambiri amadwala onse awiri nthawi imodzi.

Tizilombo toyambitsa meningitis yoopsa kwambiri ndi mabakiteriya, makamaka pneumococcus, meningococcus ndi Hib. Mwa makanda ongobadwa kumene kamene kamavuta kwambiri ndi Group B strep, kamene mayi amatha kukhala nako m'njira yoberekera iye osadwala, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Wits akhala akutsatira ana otere ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath kwa zaka zambiri. Palinso meningitis ya TB, yomwe imabwera mwakachetechete kwa masabata angapo, mwana akungofooka ndi kugonagona, n'chifukwa chake imapezeka mochedwa ndipo imalumaza ambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 6 odwala meningitis ya mabakiteriya mmodzi amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi vuto lalikulu. Akatemera athandiza kwambiri: wa Hib anayamba ku South Africa mu 1999 ndipo kwathu ku Malawi mu 2002, wa pneumococcus kuno mu 2009 ndipo kwathu mu 2011. Koma meningococcus ikadalipo ku Gauteng, imakonda miyezi yozizira mpaka chakumayambiriro kwa chilimwe, ndipo imafala msanga pamene anthu ambiri amagona m'chipinda chimodzi mawindo ali otseka. Tonse tikudziwa mmene ambiri a ife timakhalira ku Diepsloot, ku Hillbrow kapena m'zipinda za kuseri ku Mayfair.

Pali mawu amodzi amene ndimawamva mobwerezabwereza pakati pathu: "Anamuchotsa madzi a pamsana, ndiye analumala." Ndikumvetsa pamene maganizowa amachokera. Kholo limaona jakisoni akulowa pamsana, kenako mwana akutuluka m'chipatala ali wina. Koma jakisoniyo amalowa m'munsi, kupitirira pamene mtsempha wa msana umathera, ndipo madzi ochepa amene amatengawo thupi limawabwezeretsa m'maola ochepa. Madziwo ndi amene amauza dokotala kachilombo kamene akulimbana nako. Cholumaza mwana ndi matenda amene anachititsa kuti amubaye. Chikhulupiriro ichi chimandidetsa nkhawa chifukwa banja limene latsimikiza kuti chipatala ndicho chinawononga mwana silibwererako, pamene thandizo lotsatira lili komweko.

Tsopano za makutu, chifukwa ndi pamene nthawi imathamanga kwambiri. Mwa mavuto aakulu amene meningitis imasiya, kusamva ndiko kofala kuposa onse. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzaza ndi madzi ndi timaubweya tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Pali kanjira kolumikiza kachigobaka ndi madzi a ku ubongo, ndipo tizilombo timadzera momwemo. Timaubweyato tikafa sitimeranso. Choopsa china n'chakuti mwa ana ena kachigoba kaja, katatupa, kamayamba kudzaza ndi fupa, ndipo zimenezi zitha kuyamba m'masabata ochepa chabe. Kachipangizo kotchedwa cochlear implant, kamene madokotala amaika mwa opaleshoni kuti mwana wogontheratu azimva, kamafuna kuti kawaya kake kalowe m'kachigobamo. Fupa likadzaza, njira imatsekeka. Ichi ndicho chifukwa chake akatswiri amati mwana ayezedwe makutu asanatuluke m'chipatala, kapena pasanathe masabata anayi. Tsiku lija lolembedwa pakapepala si laulemu chabe.

Mwana wa sepsis amene sanadwale meningitis nayenso ayezedwe, makamaka khanda limene linakhalitsa ku nazale. Mankhwala ena opulumutsa moyo, monga gentamicin, amatha kuvulaza makutu mwa ana ena. Madokotala amawapereka akudziwa, chifukwa moyo ndiwo umayamba, koma kholo liyenera kudziwanso.

Kunyumba timayesa powomba m'manja kumbuyo kwa mwana, akacheuka mtima n'kukhala pansi. Mayeso amenewa amanama. Mwana amamva mphepo ya m'manja pakhosi, amaona chithunzithunzi pakhoma, kapena amamva ndi khutu limodzi lotsala. Wina amamva kumenyetsa kwa chitseko koma osamva kusiyana kwa "sala" ndi "tsala". Kuchipatala katswiri wa makutu, amene kuno amamutcha audiologist, amayeza khanda lili mtulo, ndi timawaya tomata pamutu, popanda ululu uliwonse. Zipatala zazikulu za boma monga Baragwanath, Charlotte Maxeke ndi Rahima Moosa zili ndi akatswiri otere, ndipo ngati tsiku linadutsa, pemphani kalata kukiliniki yanu. Musadikire kuti aone ngati alankhule. Ndipo zija zoti zilankhulo zamusokoneza tizisiye. Ana a ku Soweto amakula ndi zilankhulo zinayi n'kumalankhula zonse. Khanda la miyezi 9 limene lasiya kubwebweta "bababa", mwana wa chaka ndi theka wopanda liwu lililonse, kapena wa zaka ziwiri amene salumikiza mawu awiri, ameneyo akaonedwe.

Akapezeka kuti samva, sikuti zonse zatha. Ambiri amathandizika ndi timakina tovala m'khutu. Implant ndi yodula kwambiri ndipo si mwana aliyense amaipeza, ngakhale kuti ku Baragwanath amaika. Chimene mwana aliyense angathe kupeza ndi chilankhulo cha manja, ndipo ubongo wa mwana umafuna chilankhulo m'zaka zitatu zoyambirira, kaya chilowere m'khutu kaya m'maso. M'mera mpoyamba. Chilankhulo cha manja cha kuno chinavomerezedwa mu 2023 kukhala chilankhulo cha boma cha nambala 12. Ku Wits kuli pulogalamu ya HI HOPES, imene imayendera mabanja a ana aang'ono osamva m'makomo mwawo kukawaphunzitsa kulankhulana ndi mwana. Sukulu ziliponso, monga St Vincent ku Melrose ndi Sizwile ku Dobsonville. Chimene chimapweteka mwana wosamva kwambiri si kusowa phokoso, koma kukhala pakati pa abale ake akuseka iye osadziwa chikusekedwa. Bambo, mayi ndi abale ake aphunzire manjawo limodzi naye.

Ana ena akangotuluka amayenda modzandira ngati aledzera, chifukwa kachiwalo kothandiza munthu kuima osagwa kali m'khutu momwemo. Zimenezi nthawi zambiri zimachepa pakapita miyezi.

Kukomoka ndi nkhani ina. Mwana amene anakomoka ali pabedi kuchipatala sikuti wayamba khunyu, ambiri sakomokanso. Koma ena amayamba patapita miyezi ngakhale zaka, chifukwa chipsera cha pa ubongo chimasokoneza kayendedwe ka mauthenga. Sikuti nthawi zonse amagwa n'kuphupha. Wina amangoti maso tong'o kwa kamphindi, kutafuna pakamwa popanda kanthu, kapena dzanja limodzi kunjenjemera, kenako n'kupitiriza kusewera. Jambulani pafoni mukaonetse dokotala, chifukwa kuchipatala mwana sakomoka pomulamula. Khunyu si lopatsirana, malovu ake sapatsira munthu, ndipo si ziwanda. Akagwa mugonekeni cham'mbali, chotsani zimene zingamuvulaze, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Zikapitirira mphindi 5 imbani 112. M'miyezi ya June ndi July, pamene mbaula ndi masitovu a parafini zimayaka m'zipinda zathu usiku wonse, mwana wa khunyu asagone kapena kusewera pafupi ndi moto. Mankhwala monga sodium valproate kapena carbamazepine amaletsa kukomoka mwa ana ambiri, koma amafuna tsiku ndi tsiku. Kusiya mwadzidzidzi, ngakhale chifukwa choti mwapemphereredwa ndipo mtima ukuti wachira, kungabweretse kukomoka kosalekeza. Pempherani, mankhwalawo akumwa.

Mafinya aja amathanso kutseka njira imene madzi a ku ubongo amatulukira. Mutu wa khanda umakula mofulumira, liwombo limatukumuka ndi kulimba, maso amayang'ana pansi, mwana amasanza ndi kulira mosatonthozeka. Limeneli si liwombo lopaka mankhwala achikuda. M'buku la sikelo la kuno, Road to Health, muli tsamba loyezera kukula kwa mutu. Pemphani anamwino aziyeza ulendo uliwonse. Madokotala amaika kapaipi kochotsa madziwo kupita m'mimba, ndipo mwana wa kapaipi akayamba kusanza, kuwodzera kapena kutentha thupi, ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Ena amatsala ndi mbali imodzi yofooka, miyendo youma kapena khosi losalimba. Mafizo amathandiza, koma mphindi 30 za kuchipatala kamodzi pamwezi ndi chiphunzitso chabe. Ntchito yeniyeni imachitikira pamphasa kunyumba, pomusambitsa, pomudyetsa, pomubereka kumbuyo.

Sepsis ya meningococcus imasiya zipsera zooneka. Madontho akuda amene matendawa amatulutsa pakhungu amatha kusanduka zilonda zakuya, ndipo ana ena amadulidwa zala, phazi kapena mwendo. Chimene makolo ambiri sauzidwa n'chakuti malo amene fupa limakulira, pafupi ndi bondo kapena kakolo, amathanso kusowa magazi. Mwana amaoneka bwino, ndiye patapita zaka zitatu kapena zisanu mwendo umodzi n'kuyamba kufupika kapena kupindika. Mukaona akutsimphina, uzani dokotala wa mafupa za matenda akale aja, ngakhale zikuoneka ngati sizikukhudzana. Impso nazo zikakhala kuti zinafooka, ziziyezedwa.

Miyezi yoyamba mwana atatuluka ndi yoopsa kuposa mmene timaganizira. Kafukufuku wa CHAIN, amene anachitika m'maiko angapo a ku Africa ndi ku Asia, kuphatikizapo ku Blantyre, anatsatira ana osakwana zaka ziwiri ogonekedwa ndi matenda aakulu osiyanasiyana. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2022, zinasonyeza kuti pafupifupi theka la ana amene anamwalira, anamwalira atatulutsidwa kale, m'miyezi 6 yotsatira, ndipo onyentchera ndiwo anali pachiopsezo chachikulu. Thupi limene langomenya nkhondo limakhala lopanda nkhokwe. Mwana wotere akatentha thupi kapena kukana kuyamwa, si wogulira Panado pa spaza n'kudikira mawa. Akatemera otsala amalize, ndipo sikelo isadumphidwe.

Koma ana amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi amene alibe chilema chooneka. Amayenda, amalankhula, amamva, ndipo aliyense anaiwala kuti anadwalapo. Akafika Grade 1 kapena Grade 2 ndi pamene zimayamba: wamutuma zinthu zitatu wabwera ndi chimodzi, zimene anaphunzira dzulo lero zauluka, satha kukhala pansi, amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, pofika masana watheratu mphamvu, mutu umamupweteka. Mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito yokumbukira, kudekha ndi kulinganiza zinthu sizifunika kwenikweni mwana ali ndi chaka chimodzi, choncho kuvulala kwake kumabisala mpaka sukulu itazifuna. Ifeyo timati ndi ulesi, kapena timati ndi mbuli, ndipo mwana amakula akukhulupirira zomwezo. Ine ndimaona kuti mwana aliyense amene anadwalapo meningitis kapena sepsis yoopsa, aphunzitsi ake ayenera kuuzidwa kuyambira tsiku loyamba. Kuyambira 2014 sukulu za boma kuno zili ndi ndondomeko yotchedwa SIAS, imene imalamula kuti mwana wovutika aunikidwe ndi gulu la aphunzitsi a pasukulupo, ndipo zikakanika nkhani ipite ku ofesi ya maphunziro ya dera. Kholo lili ndi ufulu wopempha zimenezi. Nthawi zina chofunika ndi chaching'ono: kukhala kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa aphunzitsi, kupatsidwa malangizo limodzilimodzi, nthawi yowonjezera pamayeso. Ovutika kwambiri kuli sukulu zawo, monga Forest Town, ngakhale kuti malo amavuta.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ambiri: nanga mapepala? Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu aliyense asakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi, ndipo mwana aliyense ali ndi ufulu wa chithandizo cha zaumoyo. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linabweretsa, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala zonse za boma, posayang'ana dziko limene akuchokera kapena mapepala. Mu December 2019 khoti la ku Makhanda linagamulanso kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Inde, chimene chalembedwa ndi chimene chimachitika pageti sizifanana nthawi zonse, ndipo ena a ife tabwezedwapo ndi anthu amene si achipatala n'komwe. Zikatero musangobwerera kunyumba n'kukhala chete. Pitani awiri, funsani social worker wa pachipatalapo, ndipo mabungwe monga SECTION27 ndi Lawyers for Human Rights ali ku Braamfontein. Zaka 6 zija zikutanthauzanso kuti mayeso a makutu, a maso ndi a kakulidwe achitike mwana akadali wamng'ono. Ndalama ya boma, yodzera ku bungwe la SASSA, ya ana olumala kwambiri, Care Dependency Grant, imaperekedwa kwa wosamalira amene ndi nzika, wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wothawa kwawo wovomerezeka. Ambiri a ife sitilowa m'magulu amenewo, koma ngati kholo limodzi ndi la kuno, limenelo likhoza kufunsira.

Pamene boma silifika ndi pamene ife tiyenera kufika. Tili ndi magulu a maliro olimba kwambiri. Munthu akamwalira, m'masiku ochepa ndalama yonyamulira thupi kupita ku Mangochi kapena ku Mzimba imapezeka. Mtima womwewo ungathe kulipira teksi yopita kuchipatala kawiri pamwezi, kugula mabatire a kamakina ka m'khutu, kapena kupeza mayi wa Mvano kapena wa kumzikiti woperekeza mwana tsiku limene make sangajombe kuntchito. Makolo enieniwo amafunanso kuonedwa. Mayi amene anakhala pabenchi kunja kwa ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, usiku khumi sagona bwino kwa miyezi, amadzidzimuka mwana akangotsokomola, amadzifunsa kuti bwenzi atathamanga tsiku loyamba lija. Bambo amangokhala chete, kapena amayamba kufufuza kuti wawalodza ndani, ndipo mabanja ena amathera pomwepo. Matendawa amatha kufika poipa m'maola osakwana 24, ndipo poyamba amafanana ndi chimfine. Ngakhale madokotala amawaphonya pa ulendo woyamba. Makolo amafunika wina awauze zimenezi momveka, kangapo.

Pomaliza pake mabanja ambiri amasankha kutumiza mwana kumudzi kwa agogo, chifukwa kreshi yamukana ndipo ntchito singasiyidwe. Sindinganene kuti n'kulakwa. Kumudzi kuli manja ambiri ndi bwalo losewerera. Koma mwana asakwere basi ndi zovala zokha. Apite ndi kalata yomutulutsira m'chipatala, zotsatira za mayeso a makutu, buku lake la sikelo, ndi mayina a mankhwala olembedwa bwino pamodzi ndi mlingo wake, ndipo zonsezo muzijambule zikhale pafoni. Mankhwala a khunyu akhale m'chikwama cha m'manja, osati mu trela, chifukwa ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza umatha kupitirira masiku awiri, ndipo akhale okwanira mpaka atalembetsedwa kuchipatala cha kwawo. Mayeso a makutu amachitikanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku kiliniki ya ABC ku Lilongwe, ndipo sukulu za ana osamva zilipo ku Mua, ku Nguludi ndi ku Embangweni, kungoti manja a kwathu ndi osiyana ndi a kuno, mwana adzafunika nthawi kuti azolowere. Agogo afotokozeredwe pamaso kapena pafoni, mwa Chichewa chomveka, kuti mdzukulu wawoyu akapanda kuyankha ayambe amuyandikira n'kumuyang'ana kumaso, ndiponso kuti asamutume yekha kumtsinje kapena kumusiya pafupi ndi moto.